Beseni la ku Naperi

Njinga ndinaphunzira ndili mtsikana, kwathu ku Phalombe, kumene agogo anga anafikira atawoloka malire kuchokera ku Mozambiki. Kumeneko mzimayi kupalasa njinga si nkhani. Amamanga chitenje, mwana kumsana, thumba la nandolo pakeliyala, ulendo wa kumsika, ndipo palibe wocheuka. Ine ndinakulira ku Chirimba, poti bambo anga anapeza ntchito m'tauni, koma tchuthi chilichonse ankatitumiza kumudzi. Chaka china ndinabwerako ndi zipsera m'maondo onse awiri komanso luso lopalasa nditasiya chiwongolero. Luso limenelo ndinalipinda ngati nsalu n'kuliika pansi pa sutikesi, chifukwa mu Blantyre mtsikana wodzilemekeza ankakwera basi.

Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana mmodzi wamkazi, ndipo ndinakhala telala m'kashopu kena pakatikati pa tauni, komwe ndikusokabe mpaka lero. Amuna anga anamwalira mwanayo ali ku sekondale. Anandisiyira nyumba, makina osokera ndi njinga yakuda ya mtanda, imene inakhala pakhonde la kuseri zaka zambirimbiri, nkhuku zikugona pachishalo.

Utelala ndi ntchito yokhala pansi. Umakhala pampando m'mawa, umadzukapo dzuwa litapendeka, ndipo chakudya chako chamasana ndi tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa cha m'botolo. Nditadutsa zaka makumi asanu mutu unayamba kundiwawa kunkhongo, mapazi akutupa mpaka nsapato kukana. Kuchipatala ndinapeza namwino wina wachikulire, wosadziwa kunyengerera munthu. Anandimanga chopimira pamkono, anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mayi, bipi yanu yakwera, shuga nayenso wayamba kusuzumira. Mankhwala tikupatsani, koma thupili likufuna kuyenda. Mukapitiriza kumatirira pampando chonchi, tsiku lina mudzadzuka mbali imodzi itafa."

Mawu amenewo sanali achilendo kwa ine. Amayi anga anadzuka choncho m'mawa wina, mkono ndi mwendo wakumanzere zitafa, pakamwa patapotoka. Ndinawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zitatu mpaka Mulungu anawatenga. Ndinkawakonda amayi anga, koma sindinkafuna kuti mwana wanga adzandisambitse choncho. Ndinatuluka m'chipatalamo ndili ndi mantha enieni.

Ndinayesa kuyenda pansi madzulo, koma munthu wochoka pamakina amafika pakhomo atatheratu, poto akumudikira. Nthawi yomweyo mafuta a galimoto ankati akapezeka sabata ino, sabata yamawa asowa, ndipo maminibasi ambiri ankakhala pamizere yodikira mafuta m'malo monyamula anthu. M'mawa wina ndinaima pasiteji ku Chirimba kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litayamba kuluma. Minibasi ikabwera tinkaimbwandira tonse, oitanira akutikankha ndi zigongono, ndipo ine ndi mapazi anga otupawo ndinkatsala. Pamenepo panadutsa bambo wina wa imvi, mlonda wa masana pashopu yoyandikana ndi yathu, ali pa njinga yake, akuimba mluzu. Anandipatsa moni ndi belu. Pamene ndinkafika m'tauni ndinamupeza atamwa kale tiyi, akutsuka kapu. Zinandipsetsa mtima kwambiri, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene unandikumbutsa njinga ya kuseri ija.

Ndinaikankha kupita nayo kwa okonza njinga amene amakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Anaiyang'ana, anakanda dzimbiri ndi chikhadabo, n'kunena kuti chitsulo chake n'chakale, chosatha, koma mtanda ndi chitenje sizigwirizana. Tinasinthana. Iwo anatenga yakudayo, ine ndinatenga yobiriwira ya chizimayi, yopanda mtanda, ya kaunjika, ya magiya atatu ndi basiketi kutsogolo. Zinandiwawa kusiya njinga ya amuna anga, koma sabata yotsatira ndinaiona ikudutsa itasenza mitolo ya nzimbe, ikugwira ntchito, ndipo mtima unakhala pansi.

Amene anamanga Blantyre sankaganizira maondo a munthu. Mzinda uno ukatsika, dziwa kuti kutsogoloko ukwera. Sabata yoyamba ndinkafika kushopu mtima ukugunda m'makutu, bulauzi itanyowa, atelala anzanga akufa ndi chiseko. "Achemwali, kabaza mwayamba liti? Madzulo mutitule ku Ndirande." Ndinkawayankha kuti ayambe achepetsa thupi, keliyala yanga si ya matumba a simenti. Ndinayamba kunyamula bulauzi yosinthira ndi kathaulo, n'kumasukusula pampopi wa kuseri kwa shopu, ndipo mlonda wa imvi uja anandipatsa malo pansi pa masitepe, pambali pa njinga yake.

Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti m'mawa mumsewu muli mtundu wa anthu umene ndinkaudutsa zaka zonse osauona. Alonda obwerera kwawo, ogulitsa buledi, bambo wa zigubu za mkaka, amisiri a matabwa macheka ali kumsana, tonse tinkakwera chitunda chimodzi, mpweya ukutuluka ngati utsi m'miyezi yozizira. Sitinkadziwana mayina, koma chubu chikaphulika pankaima munthu ndi pampu asanaitanidwe. Mzimayi ndinali ndekha, ndipo poyamba ankandiyang'ana ngati ndasochera. Patapita mwezi anayamba kundikuwira, "Limbani, amayi, kwatsala pang'ono!"

Lachitatu lililonse ndinkapita ku Limbe kukagula nsalu, mazipi ndi ulusi. Kupita ndi mtunda wokhawokha, ndipo pa Maselema ndinkatsika n'kumakankha, osachita manyazi. Koma pobwera! Mipukutu ya nsalu pakeliyala, mphepo ikulowa m'duku, ine ndikutsetsereka kudutsa pa Chichiri, magalimoto ali pamzere osasuntha, eni ake akudzikupiza ndi nyuzipepala. Ndinkasangalala ngati mwana, ndipo nthawi zina ndinkapezeka ndikuimba nyimbo za kwaya mokweza.

Sindinganame kuti msewu unandilandira. Wanjinga mumzinda muno alibe pake. Umayenda pakamzere kopyapyala pakati pa tayala la minibasi ndi ngalande yosavundikira, pamene phula linadyeka ngati m'mphepete mwa chitenje chakale. Minibasi imakudutsa n'kuima pamphuno pako pomwe kuti itole munthu mmodzi. Wa galimoto amatsegula chitseko osayang'ana. Ukafika kumene ukupita amakuuza kuti njinga siilowa, koma kunjako kulibe ngakhale chitsulo chomangirirapo, ndiye umayamba kusaka paipi kapena mtengo ngati wabwera ndi mbuzi. Ndikamakankha pa Maselema ndinkaukonza mzindawu m'mutu mwanga, monga ndimachitira ndi diresi losokedwa molakwika. Apa ndinkaikapo kanjira ka njinga zokha, kotchingidwa ndi timiyala ta simenti kuti minibasi isalowemo, osati utoto chabe, poti utoto madalaivala athu sauwerenga. Ngalande ndinkazivundikira. Pamsika, pachipatala ndi patchalitchi ndinkazikapo zitsulo zomangirira njinga, pamthunzi, pamene mlonda akuona. Sindinkaona chofuna nzeru za kunja pamenepo. Nsalu yake ilipo kale, chatsala ndi woidula.

Patapita miyezi ingapo nsapato zinayamba kulowa. Mutu unasiya. Namwino uja anapima kawiri, ngati sakukhulupirira chopimira chake, kenako anati, "Chimene mukuchitacho musasiye." Kwa munthu ngati uja, amenewo anali mawu achikondi.

Mwana wanga njingayo sankaikonda, koma ankaipirira. Iye amagwira ntchito mu ofesi, ndi wa nsapato zazitali ndi kachikwama ka pamkono, ndipo akakumana nane m'tauni ankandipatsa moni mwachangu, maso ali kwina. Zinthu zinasintha atapeza mnyamata woti amange naye banja. Mnyamatayo ndi wa ku Naperi, wa banja lakalekale la mumzinda muno, Apresibateriya a m'maofesi kuyambira agogo awo, pamene ife ndife Akatolika obwera, a ntchito za manja. Amayi ake anali sekilitale mpaka kupuma pantchito, mzimayi wa magalasi ndi mawu ofatsa, wamasiye ngati ine. Ankhoswe anakumana, zonse zinayenda bwino, tsiku la chinkhoswe linaikidwa.

Loweruka lina masana galimoto inaima pakhomo panga. Anatsika amayi a mnyamata uja ndi amayi ena awiri a kumpingo kwawo, mmodzi atasenza beseni lalikulu loyera, lovundikira ndi nsalu. Ndinawalowetsa m'nyumba, tinapatsana moni mmodzimmodzi. Nkhope zawo zinali za pamaliro, moti ndinayamba kuyendera abale m'mutu kuti kodi wamwalira ndani. Anapempha kuti tipemphere. Pempherolo ndi limene linandiuza nkhani, chifukwa anapempherera mayi wamasiyeyu m'masautso ake, kuti Ambuye amupeputsire mtolo umene wausenza yekha mwakachetechete. Nditatsegula diso limodzi ndinaona mwana wanga ataima pakhomo la kukhitchini, thireyi ya makapu ili m'manja, atauma.

Titati amen, amayi a mnyamata anavundukula beseni. Munali ufa, shuga, mchere, sopo ndi botolo la mafuta ophikira.

"Mayi, tinakuonani Lachitatu pachitunda cholowera m'tauni," anatero motsitsa mawu. "Mukukankha njinga, katundu ali tho, thukuta kamukamu. Ine mtima unandipweteka. Munthu wamkulu ngati inu kufika pamenepo osauza munthu! Musamavutike nokha chonchi, pano ndife amodzi."

Mtima unandiwira. Ine, wa nyumba yangayanga, wa makina anga, wa ufa wodzaza ndowa, kundizonda ngati nyumba yapsa! Pakamwa panga panadzaza mawu, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti mawu anga akatuluka sayang'ana nkhope. Koma mphatso ya mlendo siikanidwa, makamaka mlendo amene mawa mukhala naye pachibale, ndipo m'maso mwa amayiwo munalibe chipongwe, munali chisoni chenicheni. Kwa iwo mzimayi wa m'tauni sangakwere njinga popanda chimene chamugwera. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinathokoza. Anamwa tiyi, anatsanzika, beseni linatsala.

Galimoto isanakhote n'komwe mwana wanga anayamba kulira.

"Mami, mwaona? Mwaona zimene njinga yanu yachita? Tsopano ku Naperi konse akudziwa kuti kwathu timagona ndi njala. Pachinkhoswe azidzandiyang'ana ngati akunditola."

"Nanga ine ndalakwa chiyani? Ndaba?"

"Pulizi, mami. Ingoisiyani, ngakhale mpaka ukwati udutse. Sindinakupemphenipo kanthu chikhalire."

Ankanena zoona, mwanayu sanali wopemphapempha. Anakula akundiona ndikusoka mpaka maso kufiira, ndipo anaphunzira kumeza zofuna zake. Chinthu chimodzi chimene anandipempha chinali ulemu wake pamaso pa banja latsopanolo. Ndinaimangirira njinga ndi tcheni pakhonde la kuseri, pamene inkakhala yakuda ija, ndipo nkhuku sizinachedwe kuipeza.

Ndinabwerera pasiteji, kukakankhana ndi oitanira. Pawindo la minibasi ndinkaona anzanga a pachitunda aja akupalasa, ndipo ndinkabisa nkhope. Sipanapite nthawi yaitali mapazi anayambiranso, mutu nawo unabwerera pamalo pake kunkhongo. Mwana wanga sindinamuuze. Anali wotanganidwa ndi makadi ndi nsalu ya chinkhoswe, ndipo ndinkakonda kumuona akuseka. Beseni lija linali pamwamba pa kabati, likundiyang'ana. Kwathu beseni lobwera ndi mphatso silibwerera lopanda kanthu, ndipo silitumizidwa kudzera mwa ana ngati analibweretsa ndi munthu wamkulu. Mwana wanga atati alipereke kwa bwenzi lake kuti apite nalo, ndinakana. Komabe ndinkazengereza, poti sindinkadziwa choikamo, ngakhalenso choti ndikanene.

Lachiwiri lina kushopu, ndikulowetsa ulusi pasingano, zala za dzanja lamanzere zinachita dzanzi. Singano inagwa. Ndinayesa kuitola, zala zikukana kugwirana. Zinangotenga kanthawi kochepa, kenako dzanja linabwerera, koma ine ndinali nditaona kale nkhope ya amayi anga. Ndinasiya diresi la mwini pamakina n'kupita kuchipatala. Namwino uja anapima, anandilowetsa kwa adokotala, anandisinthira mankhwala, ndipo potuluka namwinoyo anandigwira pamkono.

"Mwasiya njinga eti?"

Ndinamufotokozera za ukwati wa mwana.

"Chabwino. Ndiye ku ukwatiko mukufuna mukalowe ndi miyendo yanu, kapena akakulowetseni atakunyamulani?"

Lachisanu sindinapite kuntchito. Ndinatereka kalongonda, chakudya cha kwathu, chimene a m'tauni amachiseka pagulu n'kumachipempha kuseri. Kalongonda safuna wothamanga. Umamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi udwalitsa anthu. Ndikusonkhezera motowo ndinali ndi nthawi yokwanira yokangana ndi mtima wanga. Ndinkaona mwana wanga akulira pakhomo la kukhitchini, kenako ndinkamuonanso atagwada ndi beseni la madzi ofunda akundisambitsa, ali mkwatibwi wa miyezi iwiri. Pofika madzulo ndinali nditasankha kulira kumene ndingakupirire.

Loweruka m'mawa mwana atapita kukaona holo, ndinaika m'beseni mphika wa kalongonda, nandolo wa kumunda wa kuseri, mbatata, ndi nsalu ya patebulo imene ndinasoka ndekha, ya maluwa m'makona. Ndinathamangitsa nkhuku, ndinapukuta chishalo, ndinapopa matayala, ndinamanga beseni pakeliyala ndi mphira za chubu. Ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi. Ngati anthu a ku Naperi anali oti andione, ndinkafuna andione bwinobwino.

Pageti ndinaliza belu la njinga. Anatsegula bambo wosamalira maluwa, anayang'ana ine, anayang'ana beseni.

"Masamba tagula kale, mayi. Yesani nyumba inayo."

Ndinamuuza kuti akauze eni nyumba kuti kwabwera amake a mpongozi wawo. Bamboyo anavula chipewa mwaphuma mpaka kuchigwetsa.

Amayi aja anatuluka akukoka mapazi m'masilipasi. Ataona njinga nkhope yawo inagwa, koma anandilandira, tinakhala pakhonde. Ndinamasula beseni, ndinaliika pamapazi awo, ndinavundukula. Kenako ndinalankhula zimene ndinkayeseza njira yonse, ngakhale zinatuluka mosalongosoka.

"Mayi, mphatso yanu ndinailandira ndi manja awiri, ndipo ndathokoza. Koma ndisakunamizeni, kwathu kulibe njala. Njingayi sindikwera chifukwa cha umphawi, ndimakwera chifukwa cha bipi ndi shuga. Amayi anga anafa ziwalo, ine sindikufuna. Ndinaisiya chifukwa mwana anachita manyazi ndi ulendo wanu uja, ndiye Lachiwiri lapitali dzanja ili linayamba kundithawa. Ngati mwana wa mayi wokwera njinga sangalowe m'nyumba muno, ndiuzeni lero, pakamwa panga pakadali powongoka."

Ndinachita mantha, poti ndinadziwa kuti mwina ndaphwasula ukwati wa mwana wanga ndi pakamwa pangapa. Amayiwo anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa chitenje. Kenako anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye pemphero lonse lija? Mpaka kukubweretserani shuga, munthu woti adokotala anakuletsani!"

Anayamba kuseka, kuseka kwa manyazi, misozi ikutsika, ndipo nane ndinalephera kudzigwira. Atapuma anakweza chitenje pang'ono n'kundionetsa akakolo awo. Anali otupa kuposa anga. Anati galimoto ili m'galaja sabata yachiwiri yopanda mafuta, ndipo tsiku lawo la kuchipatala linawadutsa ali pakhonde pomwepo. Anati ali mtsikana ankapalasa kupita kusukulu, ankasiya anyamata m'mbuyo, koma tsiku limene analembedwa ntchito mu ofesi amayi awo anapatsa njingayo msuweni wa kumudzi, poti sekilitale wa bwana sangafike ndi fumbi m'miyendo. Kuyambira pamenepo sanagwirenso chiwongolero.

"Kodi munthu amaiwala?" anafunsa, akuyang'ana njinga yanga cham'mbali.

Ndinagwira keliyala, iwo anakunga chitenje n'kukwera. Poyamba njinga inkapita kumene ikufuna, inalowa m'maluwa, bambo wa maluwa uja atagwira kumutu. Ulendo wachitatu wozungulira mtengo wa mapeyala ndinasiya keliyala osawauza. Anazungulira okha kawiri, akukuwa, magalasi ali pansonga ya mphuno. Atatsika anali wefuwefu, koma nkhope inali ya munthu wina.

"Pabwalo pano pokha, mayi," anatero. "Mumsewumo ayi. Ine maminibasi aja ndimawaopa ngakhale ndili m'galimoto. Akanatipatulira kanjira kathukathu, bwenzi mukundipeza ku Limbe Lachitatu lililonse."

Pobwerera ndinkaganiza kuti kaya ndi azimayi angati mumzinda muno amene ali ndi akakolo otupa, luso lawo litapindidwa pansi pa sutikesi ngati langa lija. Ena amawatsekereza ndi manyazi, ena ndi tayala la minibasi. Manyaziwo tikhoza kuthetsana tokha pakhonde, monga tinachitira ife m'mawa umenewo, koma msewu ukufunika eni mzinda aikepo dzanja.

Nkhani inandipitirira panjira, poti foni imathamanga kuposa njinga. Ndinapeza mwana wanga ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Mwapita ku Naperi pa njinga? Shuwa, mami?"

Ndinamuuza za singano ija. Anandigwira dzanja lamanzere, analitembenuza uku ndi uku ngati akufuna kuona pamene pawonongeka. "Mukanandiuza," anatero, n'kulowa kuchipinda. Sananene kuti ndizikwera, sananenenso kuti ndisiye. Ndinayambiranso kupalasa, mapazi anaphwa, koma m'nyumba nkhani ya njinga tinkailambalala ngati chithaphwi, ndipo zinkandiwawa. Sindinkadziwa ngati wandikhululukira.

Chinkhoswe chinachitikira muholo ina ku Kanjedza. Ndinapita pa galimoto, musadandaule, nditavala nsalu ya banja imene ndinasoka ndekha, duku litaima ngati nyumba ya nsanjika. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, mnyamata analandira khasu ndi nkhwangwa, mwana wanga lichero, mthiko ndi miphika. Tikuti zatha, amayi a mnyamata anaimirira n'kupempha maikolofoni. Kumbuyo kwawo kunkabwera mmodzi wa amayi a kumpingo aja, atasenza beseni loyera lomwe lija, lovundikira. Ndinayang'ana mwana wanga, naye anali atagwiritsitsa mpando.

"Izi sizili pa pulogalamu," anatero amayiwo. "Asewere angawa amayenda pa njinga kuchoka ku Chirimba mpaka ku Limbe. Ine nditawaona ndinapita kukawapepesa ndi ufa, ngati kwagwa zovuta. Chonsecho wofunika kupepesedwa ndinali ineyo, amene sinditha kufika pageti osapumira. Lero ndabweranso ndi beseni, chifukwa mutu uwu ndikuufuna. Zidzukulu sindilera ndekha."

Anavundukula. Munali helemeti yofiira ndi kajekete kachikasu konyezimira, konga kamene amavala okonza misewu. Holo yonse inadzuka ndi nthungululu, ena akuseka mpaka kugwira m'nthiti. Ine ndinangoima ndi helemetiyo m'manja, osadziwa poiika, poti duku langa linali litatenga malo onse.

Mwana wanga ananyamuka pampando wa kutsogolo, anadutsa pakati pa anthu, anandimasula duku mosamala n'kulikoleka paphewa pake. Anandiveka helemeti, anamanga kalamba pansi pa chibwano, akuyesa ndi chala ngati sikakundithina. Misozi inali lengelenge m'maso mwake. Anawerama ngati akundikonza ndolo, n'kundinong'oneza.

"Mami, pa Maselema muzigwira mabuleki. Ndinakuonani tsiku lina, mumathamanga kwambiri."

Ku ukwati ndinalowa ndi miyendo yanga, ndipo ndinavina mpaka atsikana kundisiyira bwalo. Kanjira ka njinga tikudikirabe, koma pansi pa masitepe paja tsopano pamakhala njinga zinayi, ziwiri za atelala omwe ankandiseka aja. Beseni lili pamwamba pa kabati yanga, likudikira nandolo akhwime kuti ndipite nalo ku Naperi, kumene asewere amafuna kuzungulira mtengo wa mapeyala Loweruka lililonse. Pazithunzi zonse za kumapeto kwa chinkhoswe ndinatuluka ndili m'helemeti yofiira, duku langa lili paphewa pa mwana. Tsiku lina nditapita kukamusiyira diresi ku ofesi kwake, ndinapeza chimodzi mwa zithunzizo atachiimika patebulo pake, moyang'ana kukhomo kumene alendo amalowera.